Mbale za Agogo ndi Mawu Amene Timangowatchula

Anzanga, pasukulu pano palibe tsiku limene limatha osamva mawu awa: chimbale, bithi, besi, korasi, kiyi, kava. Anyamata a Fomu 3 amakangana pa nthawi ya buleki kuti woimba uje watulutsa chimbale chozizira, bithi yakenso ndi yobera. Ife a kwaya timalozana zala kuti uyu wathawa kiyi, uyo wameza korasi. Koma mutaimitsa mmodzi wa ife n'kumufunsa kuti n'chifukwa chiyani timati chimbale, chikhalirecho nyimbo zake zili mu memori khadi yaing'ono ngati chikhadabo, angokanda m'mutu basi. Ndiye ndati ndilembe zimene ndatolera pa mawu amenewa. Zina ndamva kwa aphunzitsi athu a kwaya, zina ndawerenga pa foni ya achimwene akagula bando, koma zambiri zachokera kwa agogo anga aamuna ndi mbale zawo zakuda zisanu ndi ziwiri.

Agogo anapita ku Joni pa Wenela mu 1970. Masiku amenewo amuna ambiri a kuno ankalembetsa kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Ndege inkawatenga kukawatsitsa ku Francistown m'dziko la Botswana, kenako sitima mpaka kumigodi. Patatha zaka ziwiri anabwera ndi sutukesi yachitsulo, mabulangete, nsapato zosongoka ndi galamafoni ya mabatire. Ankafuna kubwereranso, koma mu April 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa pafupi ndi Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa ulendowo. Agogo anangolowa ntchito pa esiteti ya fodya, mpaka m'zaka za m'ma 1990 pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wawowawo wa m'chigafa. Kuyambira pamenepo sanachokenso m'mudzi.

Galamafoniyo inafa ine ndisanabadwe. Mbale akuti zinali zambiri, zodzaza katoni. Zina zinapindika ndi dzuwa, zina ana ankazigubuduza pabwalo ngati mateyala, imodzi atsibweni anaimangirira pandodo kumunda kuti iziopseza mbalame. Zimene zatsala agogo anazikulunga m'chitenje n'kuziika pansi penipeni pa sutukesi ija. Zitatu ndi za Percy Sledge, imodzi ya Otis Redding, imodzi ya Aretha Franklin, ziwiri ndi za simanjemanje za Mahotella Queens a ku South Africa komweko.

Tiyambe ndi chimbale chija. Mbale za agogo ndi zozungulira, zafulati, zakuda bii, kukula kwake ngati mbale yodyera ndiwo, ndipo pakati pali bowo. Pa pepala lomatidwa pakatipo palembedwa nambala 45, kutanthauza kuti mbaleyo imazungulira ka 45 pa mphindi imodzi. Mbali iyi nyimbo imodzi, mukaitembenuza mbali inayo nyimbo imodzinso. Imeneyi ndiyo singo. Panalinso ina yaikulu, ya masentimita 30, yozungulira pang'onopang'ono ka 33 pa mphindi, yonyamula nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi mbali iliyonse. Mbale ikakula timati chiyani? Chimbale. Ndi pomwepo panachokera dzinali. Mbalezo zinapita, makaseti anabwera n'kupita, ma CD nawonso, koma dzina linakana kuchoka. Woimba wa lero akamati watulutsa chimbale akutchula chinthu chimene mwina sanachigwirepo m'manja.

Mukaiyang'anitsitsa mbaleyo pa dzuwa mumaona timizere tambirimbiri. Kunena zoona ndi mzere umodzi wokha mbali iliyonse, woyambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka pakati. Mkati mwa mzerewo muli tizigwembezigwembe tosaoneka ndi maso. Singano ya galamafoni ikamadutsamo imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako n'kumene kumasanduka mawu. Agogo amati nyimbo inkakhala pamalo, umatha kuiloza ndi chala, ndipo ukaikanda yalumala mpaka kalekale.

Nyimbo za anthu atatu oyambawo zimatchedwa soul. Apa pamasokoneza ambiri chifukwa pakamwa pathu soul ndi solo zimamveka ngati chinthu chimodzi. Solo ndi pamene munthu mmodzi akuimba yekha ena onse ali chete, kapena pamene gitala yatsala yokha kulankhula pakati pa nyimbo. Soul ndi mawu a Chingerezi otanthauza mzimu, moyo wa mkati mwa munthu, ndipo ndi dzina la mtundu wa nyimbo za anthu akuda a ku America zimene zinatchuka m'zaka za m'ma 1960. Anazitcha choncho chifukwa woimba wake amaimba ngati akutulutsa za mumtima zonse, osasiyako.

Anthu akudawa makolo awo anatengedwa ku Africa ngati akapolo. Ankalima thonje, mpunga, nzimbe, ndiponso, imvani izi, fodya. Dera la Virginia linalemera ndi fodya wolimidwa ndi akapolo. M'mindamo ankaimba kuti makasu azigwa pamodzi ndiponso kuti tsiku lifupike. Mmodzi ankatsogolera, ena onse n'kuvomera. Ukapolo utatha mu 1865 kaimbidwe kameneka kanakhazikika m'matchalitchi mwawo, ndipo patsogolo pake kanabala nyimbo za gospel. Amene mumamvetsera mu History mukukumbukira kuti John Chilembwe anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia komweko, pa sukulu ya mpingo wa Baptist wa anthu akuda, asanabwere kudzayambitsa PIM ku Chiradzulu mu 1900. Choncho matchalitchi amene ndikunenawa si achilendo kwenikweni kwa ife.

Kenako oimba ena anatenga kaimbidwe ka m'tchalitchi n'kupita nako kunja. Ray Charles, yemwe anali wosaona, anatulutsa nyimbo mu 1954 imene mayendedwe ake anali a gospel koma mawu ake ankanena za mkazi. Akuluakulu a mipingo anakwiya zedi, amvekere watenga za Mulungu n'kupita nazo kumowa. Sam Cooke anayamba kutchuka ali m'gulu la gospel lotchedwa Soul Stirrers. Aretha Franklin anali mwana wa abusa a mpingo wa Baptist ku Detroit, ndipo anaphunzira kuimba m'tchalitchi cha bambo ake. Mkangano umenewu kuno tikuudziwa. Woimba wa nyimbo zauzimu akangoika bithi yovinitsa kwambiri, kutchalitchi kumakhala manong'onong'o. Njira yochokera kutchalitchi kupita pa wailesi ndi imene anayendanso Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, omwe anakulira mu Alleluya Band ya ku parishi ya Katolika ku Balaka. Lucius Banda, Soja uja, anatisiya pa 30 June 2024, ndipo ambiri a ife tinaona makolo athu akulira ngati wamwalira ndi m'bale.

Koma amene agogo amamukonda koposa ndi Percy Sledge. Anabadwa mu 1940 m'katauni kakang'ono ka Leighton ku Alabama. Ali mnyamata ankagwira ntchito m'minda ya thonje, kenako anapeza ntchito pachipatala yosamalira odwala, n'kumaimba ndi kabandi kumapeto kwa sabata. Mu 1966 anajambula When a Man Loves a Woman m'kasitudiyo kakang'ono ku Alabama komweko, ndipo nyimboyo inafika pa nambala 1 m'dziko lonse la America. Iye mwini ankanena kuti kamvekedwe ka nyimboyo ankakang'ung'udza kalekale ali m'munda wa thonje. Ine nditamva zimenezi ndinaseka ndekha, chifukwa ndiye kuti munthuyu akanatha kukhala nafe m'chigafa n'kumasoka fodya osadabwa chilichonse.

Mu 1970, chaka chimene agogo anafika ku Joni, Percy Sledge anabwera kudzaimba ku South Africa. Inali nthawi ya tsankho, moti poyamba analoledwa kuimbira anthu omwe sanali azungu okha basi. Agogo sanakamuone, iwo anali pansi pa nthaka. Koma akuti m'komponi aliyense amene anali ndi galamafoni ankaliza mbale zake Lamlungu, anthu akuchapa ndi kusoka zigamba. Ndinawafunsa kuti, “Nanga agogo, Chizungucho munkachimva?” Anati, “Akazi anga, Chizungu chathu chinali cha kumgodi, cholamulirana. Koma ukamumva munthu uja umadziwa kuti nayenso wasiya wina kumudzi.” Agogo amanditcha akazi awo, inu mukudziwa mmene agogo amachitira ndi adzukulu.

Vuto ndi lakuti makutu a agogo akutha. Chaka chatha unkati ukakweza mawu amamva, chaka chino mpaka uwayandikire kukhutu lakumanja. Zaka zoposa 30 zadutsa asanamve mbale zawo zikulira, ndipo m'mudzi mwathu monse mulibe galamafoni. Ndiye ine ndinakopera maina a nyimbo zonse papepala, achimwene popita ku Kasungu boma anakapereka kwa anyamata oika nyimbo mu memori khadi. Zinapezeka zinayi.

Unali mwezi wa April, nthawi yosankha fodya. Tonse tinali m'chigafa, amayi, atsibweni, achimwene ndi ine, kusiyanitsa masamba malinga ndi mtundu ndi kutalika kwake, fumbi la fodya likutiyetsemulitsa. Agogo anali pampando wawo pakhomo, poti masiku ano amangoyang'anira ndi kudzudzula. Achimwene analiza kasipika kawo n'kukweza mpaka pamapeto. Agogo anangoti duu, maso ali pafodya. Sanamve kanthu. Amayi anandiyang'ana, ine mtima unangoti zii, ndinaona ngati tachedwa. Kenako atsibweni anatenga kasipikako n'kukaika m'manja mwa agogo, agogo n'kukagunditsa pachifuwa. Anakhala choncho kanthawi. Kenako phazi lawo linayamba kugunda pansi, pang'onopang'ono, ndipo anati, “Ndi yemweyu.” Anayamba kung'ung'udza nyimbo yonse mpaka kumapeto, osaphonya pokwera ndi potsika. Tsiku limenelo tinaibwereza kasanu, batire mpaka kutha.

Chimene agogo anamva pachifuwa ndicho besi. Mawu aliwonse ndi kunjenjemera kwa mpweya, izi tinaphunzira mu Physics. Mawu okwera, ngati a mwana kapena a wezulo, amanjenjemera mofulumira kwambiri. Mawu otsika, ngati a ng'oma yaikulu kapena a lole yonyamula mabelo ikamakwera mtunda kupita ku Chinkhoma, amanjenjemera pang'onopang'ono, ndipo thupi limawamva ngakhale khutu litalephera. Munthu akamakalamba amayamba kutaya mawu okwera, otsika amatsalira. N'chifukwa chake liwu la Percy Sledge linawadutsa agogo koma besi inawapeza. Mu nyimbo imeneyo besi imatsika sitepe imodziimodzi ngati munthu wotsika pamitanda ya chigafa atapachika fodya, kenako imakweranso n'kuyambiranso. Mukaimvetsera kamodzi simungaiiwale.

Mu kwaya besi ndi anyamata a mawu aakulu aja amaima kumbuyo. Pamwamba pawo pali tena, kenako aluto, pamwamba penipeni sopulano. Sopulano ndi amene kawirikawiri amanyamula nyimbo yeniyeni, imene munthu amaimba akamatunga madzi. Enafe timaimba mawu osiyana nawo koma ogwirizana, ndipo kugwirizana kumeneko ndiko aphunzitsi amati hamoni. Ine ndimaimba aluto. Aluto ukaimba wekha anthu amaona ngati wasochera, koma mukaichotsa mu kwaya nyimbo imamveka ngati ndiwo zopanda mchere. Agogo aakazi sadziwa mawu oti aluto, koma pamaliro ndi iwo amene amalowa pansi pa mawu a anzawo n'kuwanyamula, ndipo palibe anawaphunzitsa pa bolodi.

Nanga bithi? Masiku ano tikati bithi timatanthauza zoimbira zonse zimene mnyamata wapanga pa kompyuta, zongodikira kuti wina aikepo mawu. Koma tanthauzo lake loyamba ndi kugunda kobwerezabwereza kumene nyimbo imayendapo, kuja phazi limatsatira lokha usanaliuze. Amene munaonapo amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi mukuidziwa bithi kuposa buku lililonse. Uyu akatsitsa musi, uyo akukweza. Wina akangofulumira pang'ono misi iwombana. Liwiro la kugundako ndilo tempo. Nyimbo ya Percy Sledge ija tempo yake ndi yodekha, ndipo mukamawerenga mumapeza kuti ikuyenda zitatuzitatu, 1, 2, 3, 4, 5, 6, ngati munthu woyenda atasenza mtolo wolemera. Respect ya Aretha Franklin ndi yofulumirirapo, imayenda 1, 2, 3, 4, ndipo ng'oma imamenya mwamphamvu pa 2 ndi pa 4, pamalo pomwe anthu a m'matchalitchi a kwawoko amaombera m'manja. Yesani kuomba pa 1 ndi pa 3, muona nyimbo ikuuma nthawi yomweyo.

Vesi ndi korasi tonse tinazidziwira m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Vesi imasintha mawu, ndiyo imakamba nkhani. Korasi imabwerera yomweyo, ndiyo imene ngakhale amene alibe buku amalowapo ndi mphamvu. Koma pali china chimene si vesi kapena korasi, chimene nyimbo za soul zinatengera kumunda kuja: kutsogolera ndi kuvomera. Mu Respect, Aretha akaponya mawu, amayi ena kumbuyo amamuyankha pompopompo, ndipo awiri mwa oyankhawo anali abale ake enieni, Erma ndi Carolyn. Tsiku limene tinailiza m'chigafa amayi anasiya fodya n'kunena kuti, “Aa, koma ichi n'chimtali.” Ndipo sananame. Pa chimtali, pa chinkhoswe, pamaliro, ngakhale pa mpira timu yathu ikagoletsa, mmodzi amadula nyimbo ena n'kulandira. Wotsogolera akhoza kusintha mawu mmene akufunira, kutchula dzina la munthu, kuseka wina, kudandaula za mvula, koma ovomera amagwira pamodzimodzi kuti iye akhale ndi pobwerera. Ku America aphunzitsi a nyimbo anachipatsa dzina ndipo amachilemba m'mabuku. Kuno timangochita.

Mawu ena amene amayambitsa mikangano ndi kava. Kava ndi pamene woimba waimbanso nyimbo ya mnzake mwa njira yake. Respect yomweyi si Aretha anaipeka. Anaipeka ndi kuyamba kuijambula ndi Otis Redding mu 1965, ndipo mwa iye inali nkhani ya mwamuna wofuna ulemu akafika pakhomo kuchokera kuntchito. Mu 1967 Aretha anaitenga, anasintha pang'ono mawu ndi mayendedwe, n'kukhala mkazi amene akuuza mwamuna kuti ulemu ndiufuna. Nyimbo yomweyo inatembenuka ngati chitenje. Amayi a ku America anaitenga kukhala yawo, ndipo anthu akuda omenyera ufulu wawo anaitenganso. Apa ndi pamene ndinaona kuti kava yabwino imakhala ndi chonena chake. Kuno kwathu chitsanzo chapafupi ndi agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Nyimbo yawo ya Linny Hoo inali yakale, koma Patience Namadingo ataimba nawo limodzi mu 2020 inafalikira pa TikTok mpaka kumaiko amene sadziwa n'komwe kuti Malawi ali kuti. Namadingo sanabise mwini nyimbo, anakhala naye pambali. Kusiyana kwa kava ndi kuba kuli pomwepo. Wakuba amafufuta dzina la mwini n'kulembapo lake, ndipo n'chifukwa chake kuli bungwe la COSOMA loteteza eni nyimbo. Pa mbale za agogo, pansi pa dzina la nyimbo pali maina ang'onoang'ono a amene anaipeka, ngakhale woimbayo akhale wotchuka bwanji.

Tsopano kiyi, amene amatidanitsa ku kwaya. Nyimbo iliyonse ili ndi liwu limene ndi kwawo, limene imachokerapo ndi kubwererapo. Aphunzitsi akamatipatsa do tisanayambe, akutionetsa kwawoko. Akayambira pamwamba kwambiri a sopulano amakakamira pakhosi, akayambira pansi kwambiri a besi amangotulutsa mpweya. Kuthawa kiyi ndi kuimba pamwamba pang'ono kapena pansi pang'ono pa pamene anzako ali. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti odziwa nyimbo amati malipenga a kumapeto kwa When a Man Loves a Woman sali mu kiyi bwinobwino. Mbale inatuluka choncho, ndipo anthu mamiliyoni anaigula n'kumalira nayo. Sindikunena kuti a tena azithawa kiyi dala Lachitatu likubwerali, ayi ndithu. Ndikungoti nyimbo ikhoza kukhala ndi chilema n'kukhalabe yamoyo, ndipo ina ikhoza kukhala yosalala paliponse koma osakugwira pena paliponse.

Zilema zoterezi zinkatsalira chifukwa cha mmene ankajambulira. M'Chichewa timati kujambula chithunzi, kujambulanso nyimbo, ndipo kwa nthawi imeneyo mawuwa ankakwanira bwino. Woimba, wa ng'oma, wa besi, wa gitala ndi wa limba ankalowa m'chipinda chimodzi n'kuimba nthawi imodzi, tepi ikuzungulira. Chimene chachitika m'chipindamo ndicho chinkagwidwa, ngati chithunzi. Wina akalakwitsa kwambiri, onse ankayambiranso. Lero munthu mmodzi amatha kupanga zonse pa kompyuta, ngakhale liwu lothawa kiyi makina amaliwongola. Zili ndi ubwino wake, poti mnyamata wa pa Santhe kapena pa Chamama akhoza kujambula nyimbo osapita ku Lilongwe. Koma mukamvetsera mbale zakalezi mumamva anthu akumverana, wina akudikira mnzake, wina akupuma.

Mbale ya Otis Redding imene agogo ali nayo ndi The Dock of the Bay. Anaijambula ku Memphis, mu situdiyo ya kampani ya Stax, kumapeto kwa 1967. Chakumapeto kwa nyimboyo mawu amatha ndipo pamangomveka likhweru. Patangopita masiku ochepa, pa 10 December 1967, ndege imene anakwera inagwera m'nyanja ina ku Wisconsin, ndipo anamwalira ali ndi zaka 26 zokha. Nyimboyo inatuluka mu January 1968 mwini wake ali m'manda, n'kufika pa nambala 1. Nditawafotokozera agogo kukhutu lakumanja kuja, anakhala chete nthawi yaitali. Iwo nkhani ya ndege saikonda. Kenako anati, “Komabe likhweru lake tili nalo.”

Mawu amenewa ndi amene andipangitsa kulemba zonsezi. Otis Redding anafa, Percy Sledge anafa mu 2015, Aretha Franklin mu 2018, koma mawu awo afika mpaka m'chigafa cha ku Kasungu chifukwa panapezeka wina amene anawajambula. Kuno kwathunso Alan Namoko wa ku Thyolo, wosaona ngati Ray Charles, woimba banjo ndi Chimvu Jazz Band, anamwalira mu 1995, koma timamumvabe pa wailesi chifukwa anajambulidwa. Nanga nyimbo zimene agogo aakazi ankaimba pamtondo? Chigayo chinabwera, mitondo yambiri yasanduka mipando, ndipo nyimbozo zikutha limodzi ndi eni ake. Amayi amadziwa zitatu kapena zinayi, ine ndimadziwa imodzi, theka lake. Kale m'chigafa anthu ankasoka fodya akuimba, wina kutsogolera ena kuvomera, mpaka usiku. Lero aliyense wa msinkhu wathu ali ndi mahedifoni m'makutu, aliyense nyimbo yakeyake, m'chigafa muli zii ngati muli mayeso. Percy Sledge akanakhala kuti m'munda wa thonje muja anatseka makutu, nyimbo ija ikanachokera kuti?

Sindikunyoza amapiano kapena nyimbo za anyamata athu a masiku ano, inenso ndimavina, funsani a Fomu 2 anzanga. Koma zimandiwawa ndikamva wina akuti nyimbo za agogo ndi zachimidzi, kwinaku akutchula besi ndi bithi ngati ndi zinthu zobwera pa ndege. Maina ndiwo anabwera. Zinthu zake zinali kale pamtondo, pabwalo la chimtali ndi pa siwa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Holide ikubwerayi, amene kwanu kuli foni, ngakhale ya mabatani, ili ndi pojambulira mawu. Pitani kwa agogo anu, kapena kwa mayi aliyense wachikulire wa m'mudzi mwanu, mukhale pansi mwaulemu, muwapemphe kaye, akalola muwajambule nyimbo imodzi ya pamtondo, ya kumunda kapena yotonthoza mwana. Mulembe m'kope dzina la nyimboyo, amene anawaphunzitsa, ndi nthawi imene inkaimbidwa. Mukapita awiri ndi bwino kwambiri, kuti iwo akatsogolera inu muzivomera, chifukwa nyimbo zimenezi munthu mmodzi sizimuyendera. Za kudambwe ndi za kuchinamwali musazikhudze, zimenezo zili ndi eni ake. Tikatsegulira tidzazisonkhanitse kwa aphunzitsi a kwaya, tidzasankhepo ziwiri zoti tidzaimbe pa tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4.

Ndipo ngati kwanu mungapeze mbale zakuda m'sutukesi kapena padenga, chonde musawapatse ana kuti azigubuduza. Zipukuteni ndi kansalu kofewa, muziimike chilili, kutali ndi dzuwa ndi moto. Mukopere maina amene alembedwapo mubwere nawo, achimwene amapita ku boma Loweruka lililonse.